Mwayi ndi Zikombole za Eni Ake

Mwayi wathuyu anabadwira pa Lifuwu, mwana wachiwiri wa malemu Ruth. Atamaliza maphunziro a makompyuta ku Lilongwe, anzake anatsalira komweko, koma iye anabwerera kuti mwana wake akulire pakati pa abale. Kagulu ka asodzi kanamupatsa ntchito yopanga pulogalamu ya pafoni yolembera bwato lililonse ndi nsomba zimene lapha.

Sanayambire pansi ayi. Anatenga laibulale, ndiye kuti zida zolembedwa kale ndi anthu ena, zimene ambiri amabwereka. M'menemo muli makalasi, zikombole zoumbira bwato kapena msodzi m'kati mwa foni. Tsono ku chilumba cha Mbenji, kumene asodziwo amakapha nsomba, netiweki imavuta, ndipo batire ikatha zoumbidwazo zinkafufutika. Zinkafunika kuyalidwa m'mawu ondondozana, kusungidwa m'fayilo, n'kudzaumbidwanso pambuyo pake. Kupita kukakonza yekha sakanatha, poti pachilumbapo akazi sapondapo.

Poyamba anatsegula zikombolezo n'kuwonjezeramo zake. Zinayenda ndithu. Koma eni laibulale atatulutsa yatsopano, zowonjezerazo zinakokoloka, nsomba zonse zolembedwa osaoneka.

A Haruna, wapampando wa kaguluko, anafika pakhomo nkhope ili ndwii. "Iwe mwana wa Ruth, foni yako yadya utaka wathu. Zikachitikanso, ife tibwerera ku makope, iwe ku Lilongwe."

Tahir, mnzake wa pantchito, anati, "Ingobwezeramo zowonjezera zija, asisi. Aone ndani?"

"Adzaona a Haruna, eni laibulale akadzasinthanso. Za eni sindikhudzanso."

Analemba kachida kake kapadera kokhalira kunja. Kamayang'ana bwato loumbidwa kale, kutenga dzina, mwini wake ndi nsomba, n'kuzilemba mwandondomeko. Pobweza kamapereka zomwezo ku chikombole chosakhudzidwacho. Anakayesa n'kukayesanso, mwana ali kumsana, akuzimitsa foni dala. Amakani anthu a mtundu wathu, koma pa zoona.

Asodzi ali pachilumba, laibulale ija inasinthidwanso. Tsiku lobwerako asodziwo, Mwayi anaima pagombe mtima uli m'mwamba. A Haruna anatsika n'kumupatsa foni yozima. Mwayi anaitchaja pagolosale, n'kulowetsa laibulale yatsopanoyo onse akuona. Mabwato anatuluka limodzilimodzi, lililonse ndi nsomba zake.

"Alhamdulillah," anatero a Haruna, akusuzumira. "Ukhala konkuno. Koma utaka wangawu walemba wochepa, iwe."

"Ndi umene munapha, malume."