Mkazi Mnzanga ndi Chigafa

Tinanyamuka ku Chulu mame asanakamuke, ine ndi amuna anga, bambo a Mphatso. Aphunzitsi ena a sekondale ku Boma anatiitana kuti tikamve ana akuphunzira ndakatulo imene abambowa anapeka ali kundende, atamangidwa pa ndewu ya malire a munda. Ndinali ndisanaimvepo, koma sindinakayike kuti ndilimo. Ndinavala chitenje chatsopano.

Tinakwera lole ya matola, zikwi zitatu aliyense, n'kukhala pamwamba pa mabelo a fodya. Msewu unali wa mabampu okhaokha. Amayi ena onyamula dengu la tomato anandiyang'ana. "Mwatchenatu asisi, kuli ukwati?"

"Ayi, andiika m'ndakatulo," ndinayankha monyada.

Dzuwa litakwera tinatsika pa depoti, tinadya mbatata yootcha, n'kuyenda wapansi mpaka kusukulu.

Aphunzitsi anayamba kulakatula, ana akuwomba m'manja kuwerenga maphatikizo a mzere uliwonse. Kenako anafufuza mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere, monga "unyolo" ndi "tulo". Ine khutu linali pa dzina langa. Ndime yoyamba inatha ndi mawu akuti, "Chigafa changa, akukufolera ndani?" Yachiwiri chimodzimodzi. Mpaka yomaliza, chigafa chomwecho chowumitsiramo fodya!

"Chibwerezachi chikutiuza chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

Mtsikana wina anaimirira. "Kuti alakatuli ankachisowa chigafa kuposa china chilichonse."

Onse anawomba m'manja kupatula ine. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni ya pamitala, kuchitira mitengo ndi udzu! Nanga anachifolera ndani chigafacho iwo kulibe? Anasoka fodya ndani mpaka zala kuda bii? Si ine?

Madzulo pobwerera ndinakhala kumapeto kwa lole. Abambo anandigulira nzimbe, ndinakana. Titatsala pang'ono kufika ndinalephera kupirira.

"Bambo a Mphatso, chigafa ndime iliyonse, ine ngakhale kamodzi?"

Anandiyang'ana modabwa. "Inu munkabwera Lamlungu lililonse ndi ndiwo m'kambale. Ndikanakusowani liti? Chigafa sichinabwereko."

Ndinalandira nzimbe ija. Ndinaphunzira kuti wam'ndende amaimba za chimene sakuchiona, ndipo ine sindinawapatse mpata wondiimba. Komabe titafika pakhomo, ndinaloza chigafa n'kuwauza kuti chaka chino mkazi mnzangayo amufolera okha.