Memore ya a Nyirenda

A Flywell Nyirenda a ku Area 23 akhala akuika nyimbo m'zinkhoswe kwa zaka khumi ndi zinayi. Nyimbo zawo zambiri anachita kugula, pang'onopang'ono, kwa anyamata ozigulitsa pa kompyuta, ndipo zonse zinali m'memore imodzi.

Mtendere unatha atabwera Kings, mnyamata woika nyimbo ndi laputopu amene ankachita lendi kuseri kwa tchalitchi chawo. A Nyirenda ankati zoimbira zake ndi phokoso chabe, komabe akazi awo, a Keziah, anawapeza kawiri ataima kumpanda, khutu lili komweko.

"Mukufuna nkhuku yathu?" anafunsa a Keziah.

"Ndikumva mmene akuonongera nyimbo."

Mwezi usanathe a Nyirenda anagula sipika yaikulu. Sipikayo inaulula zimene yaing'ono inkabisa: nyimbo zawo zinkathetheka ngati munthu akukazinga mtedza. Apa n'kuti chinkhoswe cha Temwa, mwana wa mkulu wa mpingo, chitayandikira. Zinkhoswe za azikulu ake atatu anaimba ndi a Nyirenda, koma ulendo uno komiti inati iyambe yamva onse awiri, iwo ndi Kings.

A Nyirenda anapita ku Mchesi kwa Zaki, wogulitsa nyimbo pa kompyuta, amene anati nyimbo yomveka bwino ndi K200. A Nyirenda anadandaula kuti nyimbozo analipira kale. Zaki anayankha kuti analipira zothethekazo. Anasankha mazana anayi. Ulendo woyamba magetsi anazima, wachiwiri bando ya intaneti inathera pakati, ndipo minibasi sinawakhululukire ulendo uliwonse. Wachitatu, Zaki anati zatsopanozo ndi zazikulu, agule memore ina.

"Fufuta zakalezo," anatero a Nyirenda. "Ndisungirenji zinyalala?"

Loweruka, pamaso pa komiti, nyimbo zawo zinamveka bwino kuposa za Kings, ndipo anaonetsetsa kuti Kings waona nkhope yawo. Kenako mayi a Temwa anapempha nyimbo ya kwaya ya kwawo ku Ekwendeni, imene ana awo onse analowa nayo. A Nyirenda anafufuza mpaka thukuta. Nyimboyo anaijambulitsa kalekale kuchokera pa kaseti, ndipo Zaki sakanaipeza pa intaneti.

"Ilipo, amayi," anatero Kings mwaulemu.

Inalira ikuthetheka, ndi kachifuwa ka woimbitsa koyambirira komwe a Nyirenda ankakadziwa bwino. Amayi awiri a m'komiti anadzuka n'kuyamba kuvina. Zinadziwika pambuyo pake kuti Zaki anakopera memore yonse asanafufute, n'kugulitsa kwa Kings pa K5,000.

Ntchito inapita kwa Kings. A Nyirenda anakhala masiku anayi osatchula dzina lake. Lachitatu m'mawa anatulutsa memore yatsopano m'thumba n'kupatsa akazi awo kuti apite nayo kwa Kings.

"Mukamufunse mtengo wa nyimbo zakalezo. Koma musakanene kuti ndakutumani ine."

"Nanga ndikati wandituma ndani, bambo?"

A Nyirenda anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta sipika.