Chaka Chimene Amayi Anasiya Kulandira

Kabuku ka kuchipatala ka amayi kanali kachikasu. Ankakakulunga m'pepala la shuga n'kukasomeka kudenga, pamwamba pa chitseko. Tsiku lina nditatsala ndekha pakhomo ndinakwera pamtondo n'kukatsitsa. Kankanunkha utsi. Chizungu cha adokotala sindinathe kuchiwerenga, pakuti ndinali sitandade folo chabe, koma patsamba lomaliza panali mawu a inki yofiira, atadulidwa mizere iwiri kunsi kwake. Kusukulu inki yofiira inkatanthauza kuti munthu walakwa. Ndinabwezera kabukuko pamalo pake.

Linali dzinja, mpunga utangowokeredwa ku Bwanje, ndipo ine ndinali mtsikana wa zaka khumi, woyamba mwa ana anayi. Miyezi itatu m'mbuyomo amayi anapita kuchipatala kukachira, n'kubwerako opanda mwana kumsana. Anawang'amba pamimba kachiwiri, koma mwanayo anatuluka atafa kale. Maliro ake sitinalire. Anakamuika amayi achikulire okhaokha, ife ana n'kutiuza kuti tisafunse. Amayi ankayenda chowerama, dzanja lili pamimba, m'manja mwawo muli mbuu ngati agwira ufa.

Masana ena kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, kuchokera kunyanja ku Mtakataka kumene ankapha usipa. Anakhala ndi abambo pansi pa mtengo wa bwemba. Ine ndinkatsuka mbale kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamva zonse.

"Alamu, adokotala anena mosabisa," anatero amalume. "Mimba ina ikangobwera, chiberekero chiphulika. Mukufuna ndikaike mlongo wanga m'manda?"

Abambo anali munthu wofatsa, wotsogolera mapemphero a mphakati m'mudzi mwathu. Anayankha motsitsa mawu. "Moyo amapereka ndi Mulungu, alamu. Mpingo sulola zotseka. Ilipo njira imene amatiphunzitsa, yowerenga masiku."

"Tsiku limene mudzalakwitse kuwerengako, adzafe ndani?"

Amayi anali pakhonde akupeta mpunga, ndipo lichero silinaime ngakhale pang'ono, ngati kuti nkhaniyo inali ya munthu wa mudzi wina. Kwa zaka zambiri ndinkati abambo anali ouma mtima tsiku limenelo. Lero ndikudziwa kuti nawonso anali ndi mantha, kungoti amalume ankaopa manda pamene iwo ankaopa za kutsogolo kwa manda.

Patapita sabata, amalume anabweranso m'mamawa, abambo atalawirira kumunda. Anakweza amayi panjinga mpaka pa Golomoti, kumene anakwera minibasi. Anabwerako mawa lake, amayi akuyenda pang'onopang'ono. Pakhomo panagwa zii. Abambo ankalandira madzi osamba m'manja osayang'ana munthu wowapatsayo.

Mawu otchula chimene anakachita ndinakawamvera kumjigo. Amayi awiri ankanong'onezana akudikira ndowa zawo kuti zidzaze.

"Akuti anakatseketsa."

"Ii, ndiye kutchalitchi akanena chiyani?"

Atandiona anayamba kukamba za mvula. Ine sindinkadziwa chimene chinatsekedwa. Ndinkangoona m'maganizo loko wamkulu ngati wa pagolosale, ali m'mimba mwa amayi, ndipo makiyi ake atatayidwa.

Ansembe ankabwera kutchalitchi chathu kamodzi pamwezi, panjinga yamoto kuchokera ku Mua. Lamulungu limene anabwera, nthawi yolandira Ukaristia itakwana, anthu anaimirira n'kundanda. Amayi, amene nthawi zonse ankakhala pakati pa oyamba, anangokhala pabenchi atazolika. Anthu ankachita kulambalala mawondo awo. Ndinawakodola, koma anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka kuwawa. Ndinadzamva nditakula kuti panalibe amene anawaletsa. Anadziweruza okha.

Chaka chimenecho ndinkaphunzira katekisimu, kukonzekera kulandira koyamba. Tinkakumana Loweruka masana m'tchalitchi momwemo, malata akutentha ngati chiwaya. Aphunzitsi athu anali bambo wachikulire, wa chala chimodzi chopindika chimene ankalozera nacho, moti sunkadziwa ngati akuloza iwe kapena mnzako. Lenti itayamba anatiphunzitsa za machimo. Anati lilipo tchimo laling'ono ndi tchimo lalikulu, ndipo munthu akafa ndi tchimo lalikulu asanalape, amapita kumoto wosazima.

Ndinakweza mkono. "Nanga munthu amene sakupita kukalandira, ndiye kuti ali ndi tchimo liti?"

"Amene salandira amadziwa yekha chimene chili mumtima mwake," anatero, n'kupitirira ku phunziro lina.

Moto ine ndinkaudziwa. Ndinali nditaonapo uvuni wa njerwa ukuyaka, malawi akutulukira m'mabowo, kutentha kwake kukufika pankhope uli patali. Kuyambira tsiku limenelo ndikatseka maso ndinkaona amayi m'bowo la uvuni, atazolika monga anachitira pabenchi.

Ndiye pakati pa Lenti amayi anadwala malungo. Thupi lawo linali lisanabwerere, choncho malungowo anawagwetsa kwenikweni. Mankhwala akuchipatala ankawasanza. Inalinso nyengo imene matenda otsekula m'mimba anavuta m'midzi ya kunyanja, ndipo pafupifupi sabata iliyonse tinkamva nyimbo za maliro zikudutsa mumsewu. Ndinasiya kupita kusukulu. Ndinkakhala pambali pa mphasa yawo tsiku lonse, ndikuingitsa ntchentche, maso ali pachitenje chimene anafunda kuti ndione ngati chikukwera ndi kutsika. Chikachedwa kukwera ndinkawagwedeza. Iwo ankatsegula maso ofiira n'kuti, "Ndisiye ndigone, mwana iwe."

Ndinkafuna kuwauza kuti akalape, koma mwana angawauze bwanji amayi ake zimenezo? Ndinkangopemphera korona, ndikusokoneza mikanda, ndikupempha chinthu chimodzi chokha: kuti Mulungu adikire kaye. Sindinkapempha n'komwe kuti achire. Ndinkaona ngati kumeneko n'kupempha zambiri kwa Mulungu amene tamulakwira.

Loweruka lomaliza aphunzitsi anatiphunzitsa kalandiridwe kake, dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja. Anatiuzanso kuti Ukaristia ndi Ambuye enieniwo, ndi kuti munthu akakhala pafupi kufa amamupititsira kunyumba kuti ukhale kamba wa paulendo wake. Mawu amenewo anandikhala m'mutu sabata yonse.

Tinalandira Lamulungu lotsatira Pasaka. Amayi anali atayamba kudzuka n'kukhala pakhonde, koma ulendo wa kutchalitchi sakanautha. Anandiveka diresi loyera lobwereka, lalitali manja, n'kundipatsa kampango kopukutira thukuta. Abambo ndiwo anandiperekeza.

Ndinalowa pamzere pamodzi ndi anzanga. Ansembe ataika Ukaristia m'dzanja langa ndinayankha kuti amen, ndinakweza dzanja kufika pakamwa, koma m'malo modya ndinafumbata. Ndinabwerera kubenchi ndikuyendetsa nsagwada ngati anzanga. Nditagwada ndinaukulunga m'kampango kaja. Ndinkadikira kuti dzanja lipsa, kapena kuti magazi ayamba kudontha pakati pa zala anthu onse akuona. Sikunachitike kanthu. Kwaya inkangoimba, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa.

Misa itangotha, anzanga akuthamangira kumene kunkaphikidwa mpunga wa chikondwerero, ine ndinazemba. Ndinadutsa njira yachidule ya m'minda ya mpunga, ndikuthamanga pamizere yoterera, matope akuthimbiriritsa diresi la eni ake. Dzanja lofumbatalo ndinaliika pachifuwa.

Amayi ndinawapeza pakhonde akuothera dzuwa. Ndinagwada patsogolo pawo n'kufunyulula kampango. Ukaristia unali utathyoka pakati, m'mbali mwake mutanyowa ndi thukuta.

"Amayi, idyani msanga musanafe."

Anauyang'ana, kenaka anandiyang'ana ine. Munthu amene kwa masabata atatu sankatha kuimirira osagwira khoma anatsika pakhonde n'kugwada padothi.

"Mayo ine! Mwana iwe, wachita chiyani?"

Abambo anafika wefuwefu, pakuti anandiona ndikuzemba ndipo ananditsatira. Ataona chimene chinali pakampango anavula chipewa, nawonso n'kugwada. Panalibe wolimba mtima kuugwira. Nkhuku inayandikira ikuyesa ndi chakudya, ndipo abambo anaiingitsa ndi chipewa chawo. Kenaka anadzuka n'kuthamanga kubwerera kutchalitchi. Sindinawaonepo akuthamanga chiyambire.

Anabwera ndi aphunzitsi. Ine ndinali nditayamba kale kulira, ndikudziwa kuti tsopano opita kumoto tilipo awiri. Aphunzitsi anagwada kaye kanthawi, kenaka anandifunsa, osakweza mawu, chifukwa chimene ndinachitira zimenezi.

"Munanena ndinu," ndinatero ndikusisima. "Munati munthu akafa ndi tchimo lalikulu amakapsa. Amayi anakatseketsa, ndiye salandira, ndiye akudwala."

Ndinawatchula mawu aja poyera, pamaso pa abambo, mawu amene pakhomo pathu sanatchulidwepo. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Abambo anayang'ana pansi. Aphunzitsi anatembenukira kwa ine.

"Mwanawe," anatero, "lamulo ndinakuphunzitsa ndine, ndipo silinasinthe. Koma zoti uyu akapsa, uyu sakapsa, zimenezo sanandipatse ine. Ndinalakwa kusakuuza."

Ananyamula kampango kaja ndi manja awiri n'kuyamba ulendo wapansi, pang'onopang'ono, osayankha moni wa anthu panjira.

Dzuwa litapendeka tinamva njinga yamoto. Ansembe anakhala ndi amayi pansi pa bwemba nthawi yaitali, ife tonse atatitumiza kutali. Ndinkawaonera kuseri kwa khola la mbuzi. Amayi ndiwo ankalankhula kwambiri, nthawi zina akuloza pamimba pawo, nthawi zina akuloza ife ana. Pambuyo pake ansembe anaitana abambo, ndipo atatuwo anakambirananso. Kenaka ansembe anatulutsa kachitini kakang'ono ka Ukaristia m'thumba la pachifuwa, amayi n'kugwada, n'kulandira.

Ine anandiitana pomaliza. Ndinapita ndikuyembekeza chikwapu kapena kuchotsedwa mumpingo. Anandiuza kuti chimene ndinachita n'chachikulu ndipo ndisadzachitenso, anandipatsa mapemphero oti ndinene, n'kuti ndidzalandira mwezi wamawa. Ponyamuka anandifunsa ngati ndadya chilichonse chiyambire m'mawa. Ndinali ndisanadye.

Madzulo ake ndinamva abambo akuuza amayi kuti, "Mukanandiuza, ndikanakuperekezani ndine." Mpaka lero sindidziwa ngati akanawaperekezadi, ndipo ndikukhulupirira kuti nawonso sankadziwa. Koma kuyambira tsiku limenelo anayambanso kudyera pamodzi.

Amayi anachira. Mpunga utayamba kucha tinkapita tonse awiri ku Bwanje kukaingitsa mbalame, iwo atakhala pamthunzi wa kachisakasa, ine ndikumenya chitini. Tsiku lina mbalame zitabalalika ndinakhala pambali pawo n'kufunsa chimene chinkandivutabe. Aphunzitsi anali atatiuza kuti kulapa kumathandiza pokhapokha munthu akamva chisoni chenicheni ndi chimene anachita.

"Amayi, tsiku lija munamvadi chisoni?"

Anayamba athyola kaye ngala ya mpunga, n'kuifikisa m'manja, n'kuuzira mankhusu.

"Ndinawauza ansembe kuti ndinaswa lamulo ndikulidziwa, ndipo mtima unkandiwawa," anatero. "Koma ndinawauzanso kuti sindingawanamize kuti ndikanakonda kufa n'kukusiyani. Zonse ziwiri ndinazinena."

"Ndiye iwo anati chiyani?"

"Anati amva."

Mbalame zinabwereranso ndipo ndinathamangira kuchitini changa. Ndinkachimenya mtima uli m'mwamba, chifukwa kwa ine yankho limenelo silinkakwana. M'katekisimu funso lililonse linali ndi yankho limodzi, ndipo ndinali nditawaloweza onse. Sindinkamvetsa kuti munthu angalire bwanji chifukwa cha chinthu, n'kumathokozanso Mulungu chifukwa cha chinthu chomwecho, ansembe n'kumulola kulandira. Ndinaganiza kuti mwina sanamvetsetse bwino zimene amayi ananena, ndipo mpaka mpunga unakololedwa ndinkaopa kuti tsiku lina adzazindikira, n'kubweranso panjinga yawo kudzawauza kuti panalakwika.