Gitala Imene Trevor Ankaopa Kuitsegula

Ku Tamworth aliyense wokhala ndi gitala yakale yamagetsi amalidziwa khomo la Trevor Doolan. Ntchito yake ndi kukonza magitala, koma chidam'tchukitsa n'kuuza anthu zaka za magitala awo. Amamasula chivindikiro n'kuwerenga tinambala tapakachipangizo kokwezera mawu, tosonyeza chaka ndi sabata imene kadapangidwa. Gitala singakhale yakale kuposa kachipangizo kamene idabadwa nako. Ambiri afika pamenepo akudzitama kuti agogo awo adagula kalekale, n'kubwerera nkhope zitagwa, pakuti Trevor sapita m'mbali polankhula.

Koma mkuluyu anali ndi gitala imodzi imene sadaitsegulepo. Adam'siyira ndi bambo ake, a Clarrie, woimba m'mabala amene bodza linali ndiwo zawo. Adalonjeza njinga, njinga osaoneka. Adati akukaimba ku Dubbo Loweruka lokha, n'kubwerako chaka chinacho. Mawu okoma okhawo amene Trevor adasunga anali akuti, "Iyi ndidagula tsiku lomwe udabadwa, mwanawe, mtima utandisefukira." Iye adabadwa mu Malichi 1963, ndipo ankaopa kuti nambala zikatchula chaka cham'tsogolo, atsala opanda kalikonse ka bambo ake.

Chaka chatha gitalayo idayamba kukhosomola akaikweza mawu. Mkazi wake, Noelene, adamuseka kuti akuchiza za eni yake ikufa. Trevor adazengereza mpaka zifukwa zidamuthera. Tsiku lina masana adaimasula, kenako n'kunena kuti sakuona pamene waika magalasi.

"Ali pamphumi panupo, akuluakulu," adatero Noelene. Koma adamvetsa, ndipo adawerama n'kumuwerengera: 62, kenako 47.

Kumeneko kunali kumapeto kwa Novembala 1962. Trevor adaikapo miyezi ya kufakitale ndi ya pasitima yodzera panyanja kuchokera ku Amereka, ndipo zidagwirizana ndi mwezi umene iye adabadwa. Noelene adafunsa ngati ndiye kuti apongozi ake adanena zoona.

"Nambala zimangogwira wabodza, sizichitira munthu umboni," adayankha Trevor. "Koma lero zalephera kuwagwira mdala aja."

Adalira, mwamuna wa imvi, ndipo sadabise. Kachipangizo katsopano kolowa m'malo mwa kokhosomolako kanali kale patebulo, koma adakabwezera m'bokosi. Adatenga kakale kaja n'kuyamba kukapukuta pang'onopang'ono.