Kasupe wa Amalume Hengebe

Amalume anga a Hengebe anatunga madzi zaka khumi ndi ziwiri pa kampani yoboola zitsime za gasi kwathu m'chigawo cha kumapiri cha Hela. Lolemba lililonse ankadzaza mabotolo atatu n'kukapereka kuti akayeze ngati matope oboolera sakulowa m'madzi akumwa. Kuwerenga sadziwa kwenikweni, koma tsiku ankalemba bwino pachivindikiro.

Ine ndinabwerako ku sukulu ku Brisbane, kutsidya la nyanja, ndi digiri komanso nsapato zoopa matope. Ntchito yanga yoyamba inali yowalanda iwo ntchito. Kampani inagula kachipangizo koyeza madzi ola lililonse n'kutumiza zotsatira pa kompyuta, ndipo ndinakakhomera mu mtsinje wa kumunsi kwa malo oboolerawo, pamene mapu anandilozera.

"Iwe mzungu wa mlongo wanga," anatero amalume, "kako aka kakuyeza madzi a nkhumba. Anthu samwa apa."

"Mapu akuti madzi onse amatsikira muno, amalume."

"Mapuwo anabadwira kuno?"

Ananditengera kuseri kwa dziwe lotayamo matope. Pali dzenje m'thanthwe lomwe limameza madzi a mvula. Ali mwana ankaponyamo makoko a mtedza wa m'nkhalango, mawa lake n'kukawapeza akuyandama pa kasupe wa kuseri kwa phiri, pamene mudzi wonse umatunga. Botolo lachitatu ankadzazira kumeneko zaka zonsezi, popanda wowatuma.

Ndinalembera abwana kuti tisamutsire kachipangizoko pa kasupe. Anayankha kuti malo anavomerezedwa kale, kusintha kungatenge miyezi isanu ndi umodzi. Kuboola chitsime chatsopano kunayenera kuyamba sabata yotsatira.

Loweruka amalume anazula kachipangizoko, n'kukaponya m'thumba pamwamba pa mbatata, n'kukakamangirira pa kasupe. Abwana, mzungu wa ku Perth, anafika nane pa kasupepo atafiira makutu.

"Mwaba katundu wa kampani, bambo."

"Wakuba amabisa, achimwene. Kanu kali apo, kakugwira ntchito. Ndimangitseni ngati mukufuna, koma mukazule nokha amayi awa akukuonani."

Azimayi odzatunga madzi anali atatula zigubu zawo. Palibe anasuntha.

Abwana anandiuza kuti ndikabwezeretse. Ndinakhala pamwala, laputopu pabondo, n'kulemba mu lipoti la kampani kuti malo a kachipangizoko tsopano ndi pa kasupe, dzina langa pansi pake.

Kachipangizo kanatsala pa kasupe. Amalume anawachotsa ntchito mwezi womwewo, ine n'kundisamutsira ku ofesi ya ku likulu, ku Port Moresby. Pondiperekeza ku ndege amalume anati kumeneko ndizikayenda m'mbali mwa msewu, ndingadetse nsapato.