Nyumba yathu ya siwa ku Ilford ili pamsika

Loweruka lapitali ndinapita ku Ilford kukakhuza maliro, ndipo ndinabwerako ndi mantha amene sanandichoke mpaka lero. Si mantha a imfa ayi, imfa ndiye tinakula nayo. Ndi mantha a nyumba.

Mnzathu Chikondi, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, bambo ake anamwalira ku Dedza. Iye sakanatha kupita, poti mapepala ake okhalira m'dziko muno akadali m'manja mwa boma. Ndiye monga mwa nthawi zonse uthenga unayenda pa foni: siwa ndi kwa Anti Felista.

Inu amene muli kumudzi mwina mufunsa kuti siwa yanji popanda mtembo. Kuno ku London timalira maliro opanda bokosi. Munthu akafedwa kwathu sitimusiya kuti alire yekha m'kachipinda kake ka lendi. Timasonkhana m'nyumba imodzi, mipando n'kutulutsa, amayi n'kukhala pansi pabalaza atavala zitenje, abambo kuseri, nyimbo ndi tiyi, mpaka akumudzi atatiuza kuti aika. Ndipo kwa zaka zonse zimene ndakhala kuno, nyumba imeneyo yakhala imodzi yokha, ya Anti Felista, namwino wopuma pantchito amene anagula nyumba yake kalekale mitengo isanachite misala. Ili ndi balaza lalikulu, kabwalo kuseri, ndi aneba amene anatizolowera. Akamva nyimbo saitana apolisi, amangodziwa kuti Amalawi aja zawagweranso.

Malamulo a pasiwa mukuwadziwa. Chitseko sichitsekedwa, ndipo wobwera safunsidwa kuti ndinu ndani, mwadzatani.

Masana, kukuwaza kamvula kathu ka masiku onse, panafika azungu awiri, bambo ndi mkazi wake woyembekezera. Anaima pakhomo, anaona mulu wa nsapato, nawonso n'kuvula zawo. Tonse tinati awa ndi anzake a Chikondi akuntchito, ndipo mumtima tinawayamikira kuti akudziwa khalidwe. Amayi awiri anamugwira dzanja mkaziyo, anamumanga chitenje pamwamba pa buluku lake, n'kumukhazika pansi pafupi ndi wofedwa. Mwamunayo ndinamutenga ndine ndemwe, ndinapita naye kuseri kwa abambo, n'kumupatsa mpando ndi kapu ya tiyi.

A Mbewe, mkulu amene amayendetsa mwambo pa zovuta zathu zonse, anaimirira, anakonza jekete, n'kuyamba kumufotokozera mlendoyo m'Chingerezi chawo chaulemu chija mmene malemu anadwalira: tsiku limene anayamba kudandaula pachifuwa, ulendo wa kuchipatala, mpaka pamene anatisiya. Mzunguyo ankagwedeza mutu, nkhope itafiira, maso akuthawira kudenga. Ine ndimati ndi chisoni.

A Mbewe atamaliza, munthu uja anapepesa kawiri, kenaka anafunsa ndi mawu apansipansi ngati boila yotenthetsera madzi ya m'nyumbamo inasinthidwapo posachedwa, komanso ngati chinyezi chimene akuchiona pakhoma lakuseri n'chakale.

A Mbewe ananditembenukira. "Akuti chani ameneyu? Boila yalowa bwanji pamaliro?"

Ndinamufunsa bwinobwino mlendoyo. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha balaza lomwelo, lopanda anthu, lowala ngati la ku hotela, mtengo wake uli pansi.

"Akuti abwera ku viewing, kudzaona nyumba, bambo," ndinatero. "Nyumba ino ikugulitsidwa."

Wina anayamba kuseka, koma kusekako kunathera pakhosi. M'nyumbamo amayi anali akuimbabe, mkazi wa mzungu uja ali pakati pawo ndi chitenje chake, akulira nawo ndithu.

Umu ndi mmene tinadziwira. Anti Felista anali atapempha ajenti wogulitsa nyumba kuti asaike chikwangwani panja, poopa ife tomwe. Zovuta za Chikondi zitamveka sanathe kukana, ananena mawu awo a nthawi zonse akuti bwerani, n'kuimbira ajentiyo kuti oona nyumba asabwere sabata imeneyo. Koma ofuna nyumbayo anali ambiri moti uthenga sunafike kwa onse.

Alendo aja atapita, Anti anatuluka kudzaima pakhomo lakuseri, atagwirira chitseko. Anati akusamukira ku chilumba cha Cyprus. Apeza kafulati kumeneko, kapansi, kopanda masitepe, pafupi ndi nyanja.

"Mawondo angawa sangapirirenso kuzizira kwa winter ina," anatero. "Dokotala akuti dzuwa. Ndiye ndikakhala pano ndikudikira chani?"

A Mbewe anati, "Koma mlongo wanga, ngati ndi dzuwa, kwathu lilipo laulere. Kwanu n'kwanu. Bwanji osangobwerera ku Zomba?"

"Kwa ndani, achimwene? Anthu onse amene ndikanabwerera kwa iwo tawalirira pabalaza pomwepa. Ana ali kuno, adzukulu ali kuno. Ku Cyprus akwera ndege m'mawa, masana afika. Ndipo agent wa kumeneko akuti ndikachedwa atenga wina, anthu akugula ma flat asanamangidwe n'komwe."



Ine sindiwaimba mlandu, ndipo inunso musayerekeze. Mayi ameneyu wagwira ntchito m'zipatala za kuno mpaka msana kupindika. Kapeti yake taipondaponda ndife, magetsi ake tawotcha ndife, ndipo pobalalika timangoti Mulungu akudalitseni Anti, iwo n'kutsala ndi makapu. Ngati pali munthu woyenera kukaothera dzuwa, ndi iwowo.

Koma mantha safunsa kuti wolakwa ndani.

Taganizani. Mwa ife tonse amene tinadzaza nyumba ija, ndani ali ndi balaza lokwana anthu makumi angapo okhala pansi? Ambiri tili ndi madigiri, ena timagwira m'maofesi a magalasi okhaokha, koma madzulo timabwerera kukachipinda kamodzi m'nyumba yogawana ndi anthu amene sitidziwa ngakhale maina awo. Ine ndimakhala ku Wembley, pamwamba pa sitolo. Khitchini timagawana anthu a mitundu inayi. Alendo akapitirira awiri, landilodi amadziwa tsiku lomwelo, sindidziwa kuti amamuuza ndani. Amene anakwanitsa kugula nyumba anathawira kutali kunja kwa London, ndipo nyumba zake n'zoti ukatambasula miyendo pabalaza, mapazi afika kukhitchini.

Nyumba za mumzinda uno zasanduka ngati chimanga cha m'chaka cha njala. Ikangomveka kuti ilipo, anthu ali kale pamzere. Azungu aja sanali anthu oipa. Ali ndi mwana panjira, nawonso atopa ndi lendi, ndipo njala yawo ya nyumba inali yoti munthu anakhala pansi n'kumvetsera matenda a nkhalamba ya ku Dedza imene sanaionepo, n'cholinga choti afunse za boila. Mukuganiza kuti munthu wotero angabwerere m'mbuyo chifukwa chakuti ife tilibe polirira?

Ndipo kumene akupita Anti nako ndi mzere womwewo. Amene atopa ndi kuzizira kuno akugulitsa, akuthamangira kuzilumba za dzuwa, za ku Spain, Malta, Cyprus. Ndimadzifunsa za mwana wobadwira pachilumbapo, amene akufuna kukwatira n'kupeza pokhala, akupikisana ndi anthu obwera ndi ndalama za nyumba ya ku London m'thumba. Mwina nayenso ali ndi nyumba ya azakhali ake imene mtundu wonse umasonkhanamo, ndipo mwina nayonso ili pachithunzi m'foni ya munthu wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena pasiwa paja anayamba kale nzeru. Akuti tizibwereka holo ya tchalitchi ku Peckham. Holo imabwerekedwa pa maola, abale anga. Kodi munthu ungalire mayi ako ukuyang'ana wotchi, wosesa ataima pakhomo ndi makiyi? Wina anati masiku ano zonse zili pa intaneti, tizikumana pa vidiyo. Ndinachitapo maliro otero nthawi ya mliri ija. Nyimbo imafika mochedwa, wina waiwala kutseka maikolofoni akukazinga mazira, ndipo ukazimitsa foni umapezeka uli wekha pabedi. Maliro n'kulirana, koma kulirana kumafuna pansi pokhala, phewa loyandikana ndi lako, ndi munthu wokukakamiza kumwa tiyi pamene sukufuna.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundisowetsa mtendere, poti zonsezi ndazungulira chabe.

Amayi anga ku Ntcheu sali bwino. Anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo mwezi uno asiya kudya bwino. Mlongo wanga amene akuwasamalira akandiimbira, ndimayamba ndayang'ana foniyo ikulira ndisanayankhe. Zikachitika ndidzayesetsa kupita, koma mukudziwa mmene zimakhalira: kwathu sadikira, ndege siipezeka tsiku lomwelo, ndipo ambiri a ife timafika manda atatseka kale. Chimene chakhala chikundilimbitsa mtima miyezi yonseyi ndi chimodzi. Ndimadziwa kuti tsiku limenelo ndidzakwera sitima ku Wembley, kusintha ku Stratford, kutsika ku Ilford, ndipo ndidzapeza chitseko chotsegula ndi anthu olira mayi anga m'chinenero chawo. Ndinali nditasankha kale ngakhale pakona pamene ndidzakhale.

Anthu atayamba kuchepa, ndinawapeza Anti kukhitchini akutsuka makapu. Ndinatenga kansalu n'kuyamba kupukuta, kuti ndipeze poyambira.

"Anti, ndiye zatsimikizika?"

"Offer ilipo kale, wogula wapezeka, mwana wanga. Awa abwera lerowa ndi ongoonjezera. Ma lawyer akangomaliza, ndipereka makiyi."

"Simungadikireko pang'ono?"

"Ndidikire chani?"

"Amayi sali bwino kwenikweni, Anti. Mlongo wanga akuti mwina... Ndimati mwina mukanangodikirako kaye."

Anatseka mpopi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma mmene namwino amayang'anira munthu amene sakudziwa kukula kwa matenda ake.

"Limbani, wamva chimene wanenacho? Ukuti ndikawauze ogula nyumba kuti adikire mpaka amayi ako amwalire?"

"Ayi Anti, sindikutero."

"Nanga ukuti chani? Ine ndikamapemphera usiku uno ndiwapempherere bwanji amayi akowo? Afulumire, kapena achedwe?"

Kapu imene ndinali nayo m'manja ndinaiika pansi, poopa kuti ndiigwetsa.

"Zikachitika makiyi ndikadali nawo," anatero akutsegulanso mpopi, "sufunika kugogoda, ukudziwa. Zikachitika nditapita, ndidzakuimbira foni, ndidzalira nawe. Kuposa apo sindingakunamize."

Sabata yonseyi ndakhala ndikuyenda ndi funso lawolo. Ndimawakonda amayi anga, ndipo ndikufuna akhale ndi moyo chaka chino ndi chamawa, adzaone ana amene sindinabereke. Koma Lachitatu foni inalira ndili m'basi, nambala ya mlongo wanga, ndipo ndisanayankhe, kanthu kena mumtima mwanga kananong'ona kuti ngati ndi lero, bola nyumba ikadalipo. Mlongo wanga amangofuna kundiuza kuti amayi amwako phala. Ndinatsika basi pamalo posakhala panga, n'kukhala pabenchi.

Umu ndi mmene msika wa nyumba walowerera mwa ine. Sunangonditsekera kunja kwa nyumba za mumzinda uno. Wafika mpaka pa pemphero langa.

Inu amene muli kuno, amene makolo anu akukalamba kumudzi ndipo foni ikalira mtima umadumpha, ndikufunseni poti ine yankho ndilibe. Tsiku limene uthenga wanu udzafike, mudzauza anthu kuti abwere kuti?