Oyilo Wofiira wa a Pang'onopang'ono

Bambo anga anthu ambiri sawadziwa ndi dzina lawo lenileni. M'dera lathu lonse amangowatchula kuti a Pang'onopang'ono, chifukwa moyo wawo wonse ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo mawu awo anali amenewo basi. Wophunzira akaponda moto ngati akuthawa njuchi, iwo ankangogwira handibuleki n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, bwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Sindinawamvepo akukalipira munthu, ngakhale mayi wina uja amene anagwetsa geti yathu tsiku lake loyamba. Mtima umenewo ine sindinatengere. Ine ndine telala, ndipo kasitomala akandivuta ndimamuuza pomwepo kuti atenge nsalu yake azipita.

Atapuma pantchito bondo lawo lakumanzere linayamba kuvuta, choncho anagulitsa galimoto yophunzitsira ija n'kugula kagalimoto koyera kosintha magiya kokha. Poyamba ankakanyoza kuti n'ka anthu aulesi. Amayi atamwalira, kagalimoto komweko kanasanduka mnzawo. M'mawa uliwonse amakapukuta, amakalankhula, kenako amandiperekeza ku shopu kwanga ngakhale kuli pafupi poti ndikhoza kuyenda wapansi. Ine ndinabwerera pakhomo pa bambo ukwati wanga utatha, ndiye timakhala awiriwiri.

Zosokoneza zinayamba chaka chatha. Tsiku lina ndinapeza nsapato yawo imodzi mu firiji. Ndinaseka, poti inenso ndimafunafuna sizasi ili m'manja mwanga momwe. Koma kenako anachoka m'mawa osabweranso, mpaka masana mlonda wa pasukulu ya pulaimale imene ndinaphunzira ndili mwana anandiimbira foni. Akuti pali mkulu wina waimika galimoto pageti, akuti akudikira mwana wake aweruke. Nditafika ndikupuma mwawefuwefu, bambo anandiyang'ana kanthawi, kenako anaseka n'kunena kuti anangoima pamthunzi kuti injini ipumeko. Pobwerera anayendetsa bwinobwino, akuyatsa indiketa pa kona iliyonse, mpaka anadzudzula wa minibasi wina amene anatidutsa pamalo olakwika. Ine mutu unaima. Sindinadziwe ngati wodwala anali bambo, mlonda uja, kapena ineyo.

Achimwene, amene amagwira ntchito ya mu ofesi kutsidya lina la tauni, sanafune kumva zambiri.

"Makiyi alandidwe," anatero atakhala pabalaza pathu. "Tikachedwa adzagunda mwana wa eni ake."

"Mukuti tilande makiyi kwa munthu amene anakuphunzitsani inuyo kugwira chiwongolero? Mulibe manyazi?"

"Iwe umangopsa mtima. Chabwino. Koma chinanso chikachitika, ndibwera kudzawatenga ndekha, ndipo galimotoyo tigulitsa."

Tinkaganiza kuti bambo akugona kuchipinda, koma chitseko chinali chotsegula pang'ono.

Loweruka lotsatira ndinawapeza kukhitchini atavala ovolosi yawo yakale yong'ambika pachigongono. Chibadwire changa amanditchula kuti mayi, poti amati ndinatenga nkhope ya amayi awo.

"Mayi, lero usapite ku shopu. Tisintha oyilo wa giyabokosi. Oyiloyo wakhalitsa, ndikumumva posintha magiya. Uonetsetse zonse zimene ndichite, kenako ukamuuze mchimwene wako ngati munthu wozungulira mutu angachite zimenezo."

Ndinali ndi madiresi awiri osamaliza, koma ndinavomera. Kunena zoona, inenso ndinkafuna kuti apambane. Ndinkafuna kukawalavulira achimwene nkhaniyo kumaso.

Poyamba tinazungulira ndi galimoto m'misewu ya pafupi, poti akuti oyilo wozizira ndi waulesi, safuna kutuluka. Titabwera anaimika pa simenti pamalo osatsetsereka, n'kuika miyala kuseri kwa matayala am'mbuyo. Anakweza kutsogolo ndi jeke, koma anakana kulowa pansi mpaka ataikako zipika ziwiri zolimba. "Jeke ndi mnzako wa ku mowa," anatero, "sumudalira pa moyo." Anayala katoni, anaika beseni, sipanala, fanelo ndi chigubu cha oyilo watsopano motsatana. Kwa ine anapempha kansalu koyera, ndipo ndinawapatsa chidutswa chotsala pa yunifolomu ya mwana wa sukulu.

Tinalowa pansi pa galimoto chagada, ine n'kudzigunda pachipumi nthawi yomweyo. Nditatukwana, bambo anangoti, "Pang'onopang'ono." Pansi pamenepo panali dziko lina: zitsulo zakuda, mapaipi, fungo la fumbi lotentha. Kwa ine zonse zinali zofanana.

"Ukuona mabawuti awiriwa? Ili ndi la injini, ili ndi la giyabokosi. Anthu ambiri amamasula lolakwika, n'kuthira oyilo kwina atakhetsa kwina, mawa lake galimoto yafa. Tsono zimene zituluke tiziyeza, ndipo tibwezera muyeso womwewo. Ukachepetsa magiya amaterera, ukachulukitsa amachita thovu."

"Nanga tidziwa bwanji kuti wakaleyo watheratu ntchito?"

"Maso ndi mphuno, mayi. Watsopano amakhala wofiira, wowala. Wakale amada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo amanunkha ngati mphika wopserera. Uyu wakhalamo zaka, uona wekha. Gwira mphuno."

Manja awo sankanjenjemera ngakhale pang'ono. Sipanala inagwira bawuti kamodzi n'kamodzi, analikhwefula, n'kumaliza ndi zala. Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza achimwene.

Oyilo anatuluka wofiira.

Sanali wofiirira ayi, anali wofiira psuu, woyera bwino moti ndinkaona pansi pa beseni. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti bambo adzicheka. Ndinawagwira dzanja n'kulitembenuza, koma panalibe bala.

"Bambo, si munati atuluka wakuda?"

Ananyowetsa kansalu kaja n'kukayang'anitsitsa, kenako anakanunkhiza. Anatikita oyilo pakati pa zala ziwiri, ananunkhizanso.

"Kapena mwamasula la injini?" ndinafunsa.

"Oyilo wa injini amafiira kwanu kuti?"

"Ndiye kuti akadali wabwino?"

"Sangakhale wabwino. Chigulireni galimoto ino sindinamusinthepo."

Tinatuluka pansi paja n'kukhala pa simenti, beseni lili pakati pathu. Bambo anayamba kuwerengera zifukwa, ine n'kumavomereza chilichonse poti ndinkafuna chimodzi chikhale choona. Mwina wokhuthala wakuda watsalira m'kati. Tinasuzumira, koma madontho omaliza nawonso anali ofiira. Mwina magalimoto a masiku ano oyilo wake sakuda. Chimenecho anachitsutsa okha. Kenako nkhope yawo inasintha.

"Ndi mchimwene wako. Anaitenga mobisa n'kupita nayo ku galaja kuti ndioneke chitsiru."

"Aitenga liti, makiyi mumagona nawo pansi pa pilo?"

"Ndiye ndiwe."

"Ine? Ine amene sindidziwa ngakhale potsegulira boneti?"

Tikukangana choncho, aneba athu, mayi wachikulire amene chilichonse cha pakhomo pathu amachidziwa ife tisanachidziwe, anasuzumira pampanda atanyamula zovala zokayanika.

"Mwayambanso, a Pang'onopang'ono? Galimoto imeneyi ikudwala chiyani? Dzana lomweli si munali pansi pomwepo?"

"Dzana ndinkaona matayala."

"Matayala amaonedwa ndi beseni? Sabata yatha mpaka munandibwereka fanelo yanga ya parafini. Si imeneyo ili apoyo?"

Bambo anayang'ana fanelo ija ngati yangogwa kumwamba. Ine ndinawauza aneba kuti ayanike zovala zawo, za eni ake azisiye. Anapita akung'ung'udza, koma mawu awo anatsala.

Kuti ndipeze chochita, ndinati ndikatenge chigubu chopanda kanthu chothiramo oyilo wa m'beseni. Kuseri kwa nyumba kuli kashedi ka malata komwe bambo amasungako zida zawo. Ine sindilowamo, poti muli akangaude ndipo masana onse ndimakhala ku shopu. Nditatsegula ndinaona zigubu zitandandalikidwa bwinobwino pansi pa tebulo, zonse zodzaza. Ndinatsegula cha kumapeto kwenikweni, chafumbi: munali oyilo wakuda, wonunkha chopserera, monga momwe ananenera. Chotsatira chinali chofiirira. Zina zonse zinali zofiira psuu.

Ndinaima pomwepo, chivindikiro chili m'manja. Ndinaganiza zozibisa, koma ndikanazibisa kuti, ndipo ndikanabisira ndani? Ndisanaganize bwino, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Bambo anali ataima kumbuyo kwanga.

Anagwada ndi bondo lawo lovuta lija, n'kuyamba kutsegula chigubu chilichonse. Chilichonse ankachinunkhiza, n'kuchitseka bwino, n'kuchibwezera pamalo pake. Atafika pa chomaliza anachiyang'anitsitsa.

"Mfundo iyi ndi yanga," anatero akuloza kapulasitiki komangidwa pakamwa pa chigubu. "Ndine ndimamanga chonchi."

"Mwina ndi zakale, bambo. Mwina ndi za galimoto yoyamba ija."

"Ija sinkamwa wofiira." Anandiyang'ana. "Mayi, ine ndakhala ndikusintha oyilo ameneyu kangati?"

"Sindikudziwa."

"Inenso sindikudziwa."

Ndinalira. Ine amene sindinalire ngakhale tsiku limene ndinkalongedza katundu kuchoka kwa mwamuna wanga, ndinalira m'kashedi konunkha oyilo. Bambo anandisiya ndilire, kenako anati galimoto siingagone pa zipika, tiyeni tikamalize ntchito.

Tinabwerera. Anamanga bawuti, anapukuta pozungulira, kenako anaima pakati pa beseni ndi chigubu chatsopano akukanda m'mutu.

"Tsono tithire uti? Uyu ndi watsopano, uyunso ndi watsopano."

Tinaseka tonse, kuseka koipa kosiyana pang'ono ndi kulira. Anathira wa m'chigubu, muyeso wofanana ndi umene unatuluka. Analiza injini, anadutsitsa giya m'malo ake onse phazi lili pa buleki, anasolola kachitsulo koyezera n'kundionetsa kuti oyilo wafika pa mzere. Palibe chimene analakwitsa. Koma pamene tinkatsitsa jeke anandifunsa ngati bawuti lija tamanga. Ndinati inde. Tikuchotsa miyala anafunsanso, ndipo ndinalowanso pansi ndekha kuti aone ndikuligwira.

Atasamba m'manja anakhala pa mpando wa pakhonde, makiyi akuwatembenuzatembenuza. Ine ndinali ndi mayankho anga okonzeka: kuti achimwene sindiwauza, kuti aneba ndikawatseka pakamwa, kuti oyilo wambiri sanaphepo munthu.

"Lero ndi oyilo," anatero ndisanayambe. "Tsiku lina ndidzaiwala kuti buleki ndi iti. Ine ndaphunzitsa anthu zaka zonsezi kuti ukakayika, ima. Bwera kuno."

Anandiika makiyi m'manja n'kupinda zala zanga ndi dzanja lawo.

"Awa asapite kwa mchimwene wako, ndipo galimoto isagulitsidwe ine ndili moyo. Asunge ndiwe. Koma tamvera, mayi. Mawa kapena mkuja ndidzawafuna. Ndidzakuuza kuti ndili bwinobwino, mwina ndidzakutukwana. Usandipatse. Amene akulankhula nawe panoyu ndiye bambo ako. Winayo umupirire."

Ndinawaika m'thumba la epuloni yanga yosokera n'kutseka ndi pini. Madzulo amenewo titadya, bambo anagona msanga.

M'mawa mwake ndinamva kugubuduka kwa madilowa pabalaza. Nditatuluka ndinawapeza atavalanso ovolosi ija, makushoni a mipando ali mbwee pansi. Nkhope yawo inali yowala, ngati ya munthu amene wadzuka ndi ntchito yabwino m'mutu.

"Mayi, wadzuka bwino. Lero usapite kulikonse, ndikufuna uone chinachake kuti ukamuuze mchimwene wako. Oyilo wa giyabokosi uja wakhalitsa. Koma makiyi anga sindikuwaona. Sunawaone?"

Epuloni ndinali nditaivala kale, ndipo makiyi ankandikanda pantchafu. Amene ankandifunsayo anali bambo anga, mawu omwewo, maso omwewo. Amene anandiletsa dzulo analinso bambo anga. Ndinatsegula pakamwa osadziwa kuti patuluka chiyani.

"Sindinawaone, bambo."

"Zodabwitsa. Ndithandize kufuna."

Ndinagwada pambali pawo, dzanja limodzi nditapanikiza thumba kuti makiyi asalire, n'kuyamba kusuzumira pansi pa mipando.